Makatuni, zidole ndi ufumu wa anthu a ndwii

Mayi wina wa ku Chilenje walemba kuti: "Ana anga aonera filimu yoseketsa ya makatuni. Nkhani yake ndi ya m'tsogolo, mu ufumu wina momwe dzuwa silioneka ndipo aliyense ndi wokwinya nkhope, koma muli tinyama tolankhula tochita zachibwana. Pouza apongozi anga ku Katete pa foni, ndinati ndi filimu ya zidole ya ufumu wa mdima. Anandikalipira kuti ndikuonetsa adzukulu awo za ufiti. Ndinalakwitsa pati?"

Amayi, apongozi anuwo khutu lawo lili bwinobwino. Mawu oti ufumu wa mdima tchalitchi chinawatenga kalekale, ndipo aliyense amene anakhalapo pa benchi Lamulungu akawamva amaganiza za Satana basi. Mdima wa mufilimu yanuyo ndi wa pankhope. Chinenero chathu chili ndi timawu take ta zimenezi, tomwe ana a mu Lusaka akutitaya ngati makoko a nzimbe. Kunja kukada timati kuli bii. Pamudzi pakasowa chisangalalo pali zii. Munthu wokhumudwa, wotupa masaya, wangoti ndwii. Mukanati "ufumu wa anthu a ndwii", agogowo akanayamba kuseka foni isanathe mayunitsi.

Zidole ndiye sindizivomereza. Chidole chimagwirika. Alongo anga ankabereka chisononkho cha chimanga kumbuyo ndi kansalu, chimenecho ndiye chinali chidole chawo. Za pa TV zija ndi zojambula, zithunzi zothamangitsidwa 24 pa sekondi imodzi mpaka diso linyengeke kuti kalulu akuyendadi. Ndiponso amene amanena zidole pothawa mawu obwereka akudzinamiza, pakuti ine sindikayika kuti chidole chinachokera ku "doll" wa Angerezi, tinangochiveka chi- kumutu.

Tsono nenani makatuni, mtima uli m'malo. Mawuwa ndimawakonda chifukwa cha mbiri yake. Gwero lake ndi "cartone" wa ku Italy, pepala lolimba lomwe amisiri ankayamba kujambulapo asanapake utoto pakhoma. Magazini ya Punch ku London ndiyo inawasandutsa dzina la zojambula zoseketsa mu 1843. Katoni yomwe mumanyamuliramo tomato ku Soweto Market inachokeranso komweko. Katuni ndi katoni ndi pachibale, mimba imodzi! Chokhacho, musalembe "ma cartoons" monga ndimaonera pa Facebook. Ma- wachulukitsa kale, nanga s wakumapetoyo akudzatani?

Chomwe chandisowetsa tulo ine ndi china. Filimu yotere ndi nthano ndithu, nanga si nyama zikulankhula? Koma agogo anga poyamba nthano ankati "Padangokhala", ife n'kuyankha "Tili tonse", ndipo -da- ameneyo amaloza kumbuyo. Nthano ya zaka zomwe sizinafike iyambe bwanji? Ndinayesa "Padzangokhala" pa adzukulu anga usiku wina malaiti atapita, kandulo ili pakati. Wamkulu anandiyang'ana ngati ndayamba kuzungulira mutu. Wamng'ono anayankha kuti "Tidzakhala tonse", kenako anafunsa ngati mu ufumu umenewo malaiti adzakhale atabwera.