Mafunso ndi Mayankho: Chipsepse Chapakati cha Longboard

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito ku Cape Town ndipo Loweruka ndimapita ku Muizenberg kukaphunzira kukwera mafunde. Ndagula longboard (bolodi lalitali lokwerera mafunde) yogwirapo kale ntchito, yotalika mafiti 9 ndi mainchesi 2, koma yabwera yopanda chipsepse. Kunsi kwake kuli kangalande kamodzi kokha kolowetsamo chipsepse. Kusitolo zipsepse zili mbwee, zazitali, zazifupi, zopindika. Ndigule chiti?

YANKHO: Yambani ndi lamulo lakale lomwe silikhumudwitsa kawirikawiri: futi imodzi ya bolodi, inchi imodzi ya chipsepse. Bolodi lanu likufuna chipsepse cha mainchesi 9 kapena 9.5, ndiye kuti masentimita 23 kapena 24, kuyeza kuchokera pomwe chakhudza bolodi kukafika kunsonga. Ngati ndinu athupi, kapena mchira wa bolodilo ndi wotakata, tengani cha 9.5, chifukwa mchira wotakata umayandama kwambiri ndipo umafuna chougwira m'madzi. Ngati ndinu opepuka ndipo mchirawo ndi wosongoka, cha 9 chikwana.

Koma kutalika kokha sikunena zonse. Zipsepse ziwiri za mainchesi 9 zikhoza kuyendetsa bolodi lomwelo mosiyana kotheratu, ndiye muyang'ane tsinde lake, kupendekeka kwake, ndi kulimba kwa nsonga yake.

Mtundu wotchedwa pivot ndi woimirira njo, tsinde lalikulu, ndipo ndi wotakata mpaka kunsonga. Umagwira madzi ambiri, choncho mchira sutukuka munthu akayenda kupita kumphuno ya bolodi. Pokhota, bolodi limazungulira pamalo amodzi mukaponda kumchira, koma limataya liwiro. Mtundu wina ndi wopendekekera kumbuyo, tsinde lalikulu koma nsonga yopyapyala yofewa. Uwu unayamba ndi George Greenough wa ku California, yemwe anatengera maonekedwe a chipsepse cha nsomba ya tuna, ndipo katswiri wokwera mafunde Nat Young anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi ku San Diego mu 1966 atamanga chipsepse cha Greenough pa bolodi lake. Pokhota, nsongayo imapindika kenako n'kubwerera, ndipo kubwererako kumakukankhirani kutsogolo. Kukhota kwake n'kotambalala, kosalala. Palinso chooneka ngati chilembo D, cha mabolodi olemera akale. N'chokongola ndithu, koma kwa wophunzira n'cholimba kukhotetsa, chisiyeni kaye.

Kwa inu tikulangiza chopendekeka cha tsinde lalikulu, monga Greenough 4A ya kampani ya True Ames kapena china chofanana nacho, cha mainchesi 9. Mafunde a ku Muizenberg ndi ofatsa ndipo amayenda mtunda wautali, ndiye chomwe mukufunika kuphunzira pano ndi kukhota ndi kutsata funde chammbali, osati kuima pamphuno. Ndalama zikalola, gulani cha faibagalasi. Cha pulasitiki chotsika mtengo chimapindika kuyambira patsinde pomwe, ndipo funde likakula pang'ono mudzamva bolodi likukana kumvera.

FUNSO: Bolodi langa, kuno ku Durban, ndi la mafiti 9, lopyapyala m'mbali, ndipo lili ndi kangalande kapakati ndi timabowo ta zipsepse ziwiri zam'mbali. Ndinamanga cha mainchesi 10 pakati, tiwiri tating'onoto ndili nato momwemo. Bolodi lauma, silikhota. Vuto n'chiyani?

YANKHO: Zipsepse zachuluka. Lamulo la inchi pa futi ndi la chipsepse chokhala chokha. Mukakhala ndi tam'mbali, itoto timagwira kale gawo la ntchitoyo, ndiye chapakati chitsike kufika mainchesi 6.5, 7 kapena 7.5. Ena amakonda chotchedwa cutaway, chomwe tsinde lake analichepetsa chakumbuyo kuti madzi azidutsa mosavuta ndipo mchira uzimasuka. Kamangidwe aka, ka 2+1, kamayenera mafunde othamanga ndi otsetsereka ngati omwe amapezeka pakati pa milatho ya m'nyanja ya ku Durban, chifukwa tam'mbali timaluma funde bolodi likapendekeka. Tsiku lomwe mafunde ndi aang'ono, chotsani tam'mbalito n'kumanga chimodzi cha mainchesi 9.

FUNSO: Ndikayenda kupita kumphuno ya bolodi, mchira umatsetsereka chammbali ndipo ndimagwa. Ndigule chipsepse chachikulu?

YANKHO: Musathamangire kusitolo. Anthu ambiri amagula chipsepse chachiwiri asanayese n'komwe kusuntha choyambacho, pomwe kangalande kaja anakapanga kakatali dala, pafupifupi mainchesi 10, kuti chipsepse chiziyenda m'menemo. Kamangidwe kameneka kanafala ndi Bill Bahne wa kampani ya Fins Unlimited ku California, ndipo mpaka lero zipsepse za makampani ambiri zimalowa m'kangalande ka mtundu womwewo.

Chipsepse chikakhala kumbuyo, pafupi ndi mchira, bolodi limakhazikika, limagwira funde, koma limakhota mochedwa. Chikakhala kutsogolo, bolodi limamasuka ndipo limakhota msanga, koma mchira sumachedwa kutuluka m'madzi. Vuto lanu likuonetsa kuti chanu chili kutsogolo kwambiri. Masulani sikuluwu, chisunthireni kumbuyo ndi sentimita imodzi, lembani chizindikiro ndi pensulo pambali pa kangalande, ndipo kwerani mafunde angapo musanasinthenso. Sentimita imodzi imaoneka yochepa pamaso koma pamadzi imamveka. Musasunthe masentimita atatu kamodzi, chifukwa simudzadziwa pomwe panali pabwino.

Mukafika kumapeto kwa kangalande koma mchira ukutsetserekabe, apo ndiye ganizani za pivot ya mainchesi 9.5 kapena 10. Komabe tinene zoona: nthawi zambiri cholakwa si chipsepse ayi. Munthu amaima pamphuno bolodi likakhala pamwamba pa funde, pafupi ndi pomwe likusweka, pamene madzi akugwera pamchira n'kuupanikiza. Mukapita kumphuno muli patali, pamalo pomwe funde lafooka, palibe chipsepse chingakupulumutseni. Bolodi lopyapyala la mchira wosongoka nalonso silinapangidwire zimenezi.

FUNSO: Chipsepse changa chimagwedera m'kangalande, komanso ndikathamanga chimalira ngati njuchi. Chawonongeka?

YANKHO: Ayi, onse awiri ndi mavuto okonzeka pakhomo. Choyamba onetsetsani kuti mwamanga bwino. Kachitsulo kaphanthiphanthi ka makona anayi kamalowa poyamba, kudzera pakampata kotakata ka pakati pa kangalande, ndipo mumakakankhira kutsogolo. Kenako kamtanda kachitsulo kali kumbuyo kwa tsinde la chipsepse kamalowa pakampata komweko n'kutsetserekera kumbuyo. Dinikizani kutsogolo kwa chipsepse mpaka chikhale pansi, linganizani bowo lake ndi la kachitsulo kaja, ndipo mangani sikuluwu mpaka igwire. Musaikakamize, mungathyole mlomo wa chipsepse pomwe pali bowolo.

Ngati chikugwederabe, matani tepi yamagetsi mbali zonse ziwiri za tsinde, mzere umodzi kapena iwiri, mpaka chizilowa mothina. Chikakana kulowa, palani tsindelo pang'onopang'ono ndi sandipepala, osati kuchikhomera ndi nyundo. Chipsepse chogwedera chimadya kangalande, ndipo kangalande kakang'ambika madzi amalowa m'kati mwa bolodi.

Kulirako kumabwera chifukwa m'mphepete mwakumbuyo mwa chipsepse ndi mokhuthala kapena mwaphanthi, ndiye madzi pochoka amachinjenjemeretsa. Palani m'mphepetemo ndi sandipepala yosalala, koma musanole ngati mpeni, chifukwa chipsepse chakuthwa chimacheka mwendo wanu kapena wa mnzanu. Mukatuluka m'nyanja tsukani kangalande ndi madzi abwino, pakuti mchenga ndi mchere zimaumitsa sikuluwu, ndipo muzisunga sikuluwu ina yosachita dzimbiri pamodzi ndi kachitsulo kake m'chikwama. Pofika kugombe tsikani madzi akadali m'chiuno: chipsepse cha mainchesi 9 kapena 10 chimagunda mchenga msanga, ndipo chikagunda bolodi lili paliwiro chimatha kuzula kangalande konse.