Kwa mayi amene akupita kukaona mwana wawo ku Glasgow

Mayi, mwafunsa malangizo a ulendo wanu wa ku Glasgow, ku Scotland. Za visa ndi matikiti akuyankhani ena. Ine ndinenepo za chakudya ndi tchalitchi, poti mwati ndinu a CCAP ndipo mukupita mu Disembala.

Musanyamule nyama, chonde. Ndaona wina pokuyankhani akuti muikulunge pakati pa zitenje sakaiona. Ameneyo sanaimepo pamzere wa pabwalo la ndege. Lamulo la ku UK sililola kulowa ndi nyama kapena za mkaka zochokera kwathu kuno. Mayi ena amene tinakwera nawo ndege anawatsegulitsa chikwama, nyama ya mbuzi imene anawambira adzukulu yonse inatengedwa. Anaima pamenepo akulongedzanso zovala, manja akunjenjemera, anthu akuwadutsa, mwana wawo akudikira kunja osadziwa chawachedwetsa. Mpaka lero zimandipweteka ndikakumbukira. Nsomba zouma amalola, ndiye usipa ndi utaka tengani, koma mumange m'mapepala apulasitiki kawiri, apo ayi zovala zanu zonse zikanunkha nsomba.

Ufa musadzilemetse nawo kwambiri. Umapezeka m'mashopu ogulitsa zakudya za ku Africa, wambiri wochokera ku South Africa, kathumba kakang'ono cha m'ma 5 paundi. Ndiwo zamasamba mugule zimene amati spring greens, mukaika tomato ndi anyezi zimayandikira mpiru. Fish and chips ndi cha m'ma 10 paundi kapena kuposerapo, mafuta ambiri, kulawa kamodzi n'kokwanira. Haggis musaiope. Ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zosakaniza ndi oats ndi anyezi, munthu wodya zam'kati sangavutike nayo.

Ku tchalitchi pitani ku Church of Scotland, ndiwo anayambitsa mishoni ya Blantyre mu 1876. Koma musakayembekezere za kwathu. Mapemphero ambiri amayamba 11 koloko, ndipo 11 yake ndi 11 yeniyeni. Pakatha ola limodzi atuluka. Mukapeza anthu ochepa, ambiri a imvi, mabenchi ena opanda munthu, kulibe makwaya otsatizana, kulibe nthungululu. Musafulumire kunena kuti mpingo unafa. Akayamba kuimba mudzazindikira maimbidwe a nyimbo zina za m'buku lathu lija, mukhoza kutsatira m'Chichewa chamumtima. Abusa achizimayi ndi ambiri. Yunifolomu ya Mvano tengani ngati mukufuna, koma amayi akumeneko savala yunifolomu, mudzakhala nokha.

Matchalitchi amiyala aja amazizira zedi. Jekete yochindikala musaivule, masokosi muvale, nsapato zikhale zotseka. Ndipo mudye musanachoke pakhomo, chifukwa tiyi wa pambuyo pa mapemphero ndi kapu imodzi ndi bisiketi basi. Komabe tiyi ameneyo musamuthawe ngakhale mwana wanu akufulumira. Pamenepo m'pamene anthu amamasuka. Mungonena kuti mwachokera ku Malawi, mudzadabwa. Mipingo yambiri kumeneko ili pa ubale ndi mipingo ya kwathu, ndipo sipalephera agogo amene anafikako ku Mulanje kapena ku Ekwendeni, kapena amene anasonkhapo ndalama za sukulu ina yake. Chingerezi cha ku Glasgow n'chovuta kumva, musachite manyazi kuwapempha abwereze pang'onopang'ono.

Mukapeza tsiku, mwana wanu akuperekezeni ku Blantyre wa kumeneko, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Ndi mphindi ngati 20 pa sitima kuchokera ku Glasgow Central. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, ndipo chipindacho mudzalowamo. Muyambe mwafufuza masiku amene amatsegula, ndipo mupite m'mawa, chifukwa mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.