Zigamba zofiira zoyendayenda pa lilime

Mayi ena a ku Kabwata, ku Lusaka, atumiza imelo. Akuti pa lilime lawo pamatuluka zigamba zofiira, zosalala, za m'mphepete moyera. Sabata ino zili kunsonga, sabata yamawa zasamukira m'mbali. Akadya ndiwo za tsabola, lilime limanyereketsa. Anagula Nystatin ku famase koma sizinathe, ndipo wina wawaopseza kuti ndi HIV kapena khansa.

Amayi, mtima m'malo. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi zomwe madokotala a mano amatcha geographic tongue. Pamwamba pa lilime pali timinofu ting'onoting'ono tonga ubweya tomwe timalichititsa kukhala lokhakhala ndi loyererako. Timeneti tikathothoka pamalo ena, pamatsala pofiira ndi posalala. Pakapita masiku timameranso, kwinaku kwina tikuthothoka, n'chifukwa chake chigambacho chimaoneka ngati chikuyenda. Anthu 1 mpaka 3 mwa 100 alionse ali nazo, ana omwe, ndipo kawirikawiri zimayenda m'mtundu. Ena amakhalanso ndi lilime long'ambikang'ambika kapena matenda a khungu otchedwa psoriasis. Sizipatsirana, kaya mopsompsonana kaya pomwera kapu imodzi, ndiponso sizisanduka khansa.

Nystatin sanagwire ntchito chifukwa ndi mankhwala a fangasi. Fangasi wa m'kamwa, uja amati thrush, amaoneka ngati mkaka wowundana. Mukapukuta ndi kansalu koyera amachoka, pansi pake n'kutsala pofiira. Mphepete yoyera ya zigamba zanuzo sichoka ngakhale mupukute bwanji. Amoxicillin nayenso n'kutaya ndalama chabe, popeza palibe bakiteriya woti aphedwe. Za HIV, lilime lokha silinganene. Ngati nkhawa ilipo, kayezetseni pa kiliniki, zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo.

Mankhwala ochotseratu zigambazi kulibe, ndipo ambiri safuna chilichonse. Chofunika n'kuchepetsa kunyereketsako. Masiku amene zabuka, pumulani tsabola, chinanazi, mandimu, mango osapsa a mchere, mowa ndi fodya. Tiyi azizireko kaye. Sungunulani theka la kasupuni ka mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche mkamwa katatu pa tsiku, n'kulavula. Mswachi ukhale wofewa, ndipo musakwechese lilime poganiza kuti ndi litsiro, mungowonjezera ululu. Werenganinso pa chubu cha mankhwala otsukira mano: ena amanyereketsedwa ndi sodium lauryl sulfate, ija imabweretsa thovu. Ululu ukakulepheretsani kudya, dokotala angakulembereni mankhwala opaka ochepetsa kutupa, otchedwa steroid, a masiku ochepa, koma osadzigulira nokha, chifukwa akachuluka amaitana fangasi uja.

Tsono nachi chimene ndimauza aliyense. Jambulani lilime ndi foni pamalo owala, masiku atatu alionse, kwa masabata awiri. Zigamba zikasintha malo ndi maonekedwe, chimenecho n'chizindikiro chabwino. Chodetsa nkhawa ndi chilonda kapena chigamba chokhazikika pamalo amodzi kupitirira masabata awiri kapena atatu, makamaka cholimba mukachigwira, chotuluka magazi, kapena chobwera ndi chotupa m'khosi. Lilime lonse likasalala ndiponso mukumatopa msanga, mwina magazi kapena vitamini B12 zachepa, ndipo pafunika kuyeza. Zikatero yambani kwa a mano pa chipatala cha pafupi, monga cha Chilenje. Iwo akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka. Zithunzi zija mupite nazo, chifukwa tsiku lokaonana ndi dokotala lilime likhoza kupezeka lili bwinobwino.