Funsani Achimwene: Zilembo Zofuka Utsi

Funso: Zikomo achimwene. Ndimawotcha kanyenya ku Mbare, muno mu Harare, ndipo ndikufuna chikwangwani choti dzina la malo anga lizioneka ngati likufuka utsi. Ndayesa mu Photoshop, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi, koma zikungotuluka ngati chifunga. Nditani? Ndine mng'ono wanu wa ku Mbare.

Yankho: Mng'ono wanga, ndikuganiza kuti mwathira Gaussian Blur (chida chochititsa zinthu kuoneka mwachimbuuzi) pa mawu onse. Lembani zilembo zoyera, zonenepa, pamalo akuda. Dinani Ctrl+J kuti mukhale ndi leya yachiwiri (kope la zilembozo pamwamba pa zoyambazo), muichite Rasterize (kusandutsa zilembo kukhala chithunzi), kenako mutsegule Liquify (chida chokokera ndi kupinda chithunzi) n'kumakokera nsonga za zilembozo m'mwamba mokhotakhota. M'munsi mwake musakhudzemo, odutsa ndi njira aziwerenga bwinobwino.

Koma ine utsi wojambula ndi mausi sundigwira mtima. Yatsani koyilo ya udzudzu kutsogolo kwa nsalu yakuda, kuwala kuchokere chammbali, mujambule utsiwo ndi foni. Wa pambaula yanu ayi, ngwokhuthala kwambiri. Ikani chithunzicho pamwamba pa mawu, Blend Mode (mmene leya yapamwamba imasakanikirana ndi yapansi) muisinthe ikhale Screen. Zakuda zonse zizimiririka, patsala utsi wokha. Pomwe wachuluka fufutani ndi Layer Mask (chida chobisira mbali ina ya leya). Photoshop ikakukulirani mtengo, pulogalamu ina yonga iyo yotchedwa GIMP ndi yaulere ndipo Screen ilimonso.