Kampani yosafuna phindu ingatulukire mankhwala atsopano?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti: "Ndamva kuti kuli mabungwe opanga mankhwala koma osafuna phindu. Ndalama zofufuzira amazitenga kuti? Si maloto chabe amenewa?"

Ayi mayi, si maloto. Ndikuuzeni za matenda a kaodzera, amene amafala ndi ntchentche za kashembe. Kwa zaka zambiri, matendawa akafika mu ubongo, wodwala ankabayidwa melarsoprol, jakisoni wokhala ndi poizoni wa arsenic. Ankawotcha m'mitsempha ngati moto, ndipo pa odwala 20 alionse, mmodzi ankafa ndi jakisoniyo. Makampani akuluakulu sankalabadira, poti odwalawo anali alimi osauka, ambiri a m'midzi ya ku DR Congo, amene sakanatha kubweza ndalama za kafukufuku. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero.

Mu 2003, bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena a kafukufuku anakhazikitsa DNDi ku Geneva, bungwe losafuna phindu lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa. Ofufuza ake anakafukula fexinidazole, mankhwala amene kampani ya Hoechst inawasiya panjira m'ma 1980. Anawayesa mogwirizana ndi kampani yopanga mankhwala ya Sanofi, ndipo mu 2018 anavomerezedwa. Ndi mapiritsi akumwa masiku 10, popanda dripi kapena jakisoni.

Ndalama zimachokera ku maboma, ku mabungwe ngati Gates Foundation, ndi kwa anthu akufuna kwabwino. Pagona nkhani ndi apa: kafukufuku akalipiridwiratu, mtengo wa mankhwala sufunikanso kubweza ndalamazo kapena kudyetsa eni masheya. N'chifukwa chake ASAQ, mankhwala a malungo amene DNDi inatulutsa mu 2007, ankagulitsidwa pamtengo wosafika dola imodzi kwa munthu wamkulu. Nalo bungwe lina losafuna phindu la TB Alliance linatulutsa mankhwala a pretomanid mu 2019, ndipo chithandizo cha chifuwa chachikulu chosamva mankhwala chinatsika kuchoka pa miyezi 18 kapena kuposerapo kufika pa miyezi 6.

Koma ndisakunamizeni. Mabungwewa kawirikawiri alibe mafakitale awoawo, amadalira makampani ofuna phindu omwewo kuti apange mapiritsi. Ndiye chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndalama. Kuyesa mankhwala kumatenga zaka 10 kapena kuposa, pamene boma lothandiza likhoza kusintha maganizo pa bajeti imodzi yokha, odwala ali kale pakati pa kafukufuku.