Mlamba wa m'damu: kodi ukupumitsa nyanja?

Funso: Pamsika wathu payamba kubwera milamba yoweta m'madamu. Ena akuti tikamagula imeneyi ndiye kuti tikupumitsa nsomba za m'nyanja ya Chilwa, ena akuti n'zabodza. Zoona n'ziti? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, zikutengera chimene mlambawo unadya. Pa zina zonse mlamba ndi nsomba yabwino kuweta. Ndi wakuno komwe, choncho ukathawira mumtsinje nthawi ya madzi osefukira sukhala mlendo. Umapumanso mpweya wa pamwamba pa madzi, motero umapirira m'damu lothithikana momwe chambo chikanafa.

Vuto lili pa chakudya. Mlamba umafuna chakudya cha mapulotini 35 mpaka 40 pa 100 alionse, pamene madeya a chimanga ali ndi 10 chabe kapena kupitirirako pang'ono. Pofuna kukwaniritsa, ena amasinja usipa n'kusakanizamo. Tiyeni tiwerengere. Kuti mlamba ulemere kilogalamu imodzi umadya pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka ya chakudya chabwino. Gawo limodzi mwa magawo anayi likakhala usipa wouma, ndiye magalamu 375. Koma usipa ukamauma umatsala gawo limodzi mwa anayi a kulemera kwake, kutanthauza kuti m'nyanja ya Malawi munachoka usipa wauwisi kilogalamu imodzi ndi theka. Pamenepo nyanja sinapume, ndipo usipawo ndi ndiwo ya anthu.

Mlimi wosamala amagwiritsa ntchito soya wokazinga (wosakazinga amalepheretsa nsomba kugaya chakudya), zotsala pophera nkhuku zophikidwa bwino, kapena mphutsi zoweta, usipa n'kungothira wochepa. Madzi obiriwira otuluka m'damu apite kudimba la masamba, asalowe mumtsinje. Mufunseni wogulitsayo kuti milamba yake imadya chiyani. Mlamba ukamanunkha matope, ndiye kuti mlimi sanausunge m'madzi oyera masiku awiri kapena atatu osaudyetsa asanagulitse.

Funso: Ndinaika tiana ta mlamba 500 m'damu, ndakolola 90 yokha, ina ikuluikulu zedi. Akuba? Bambo wa ku Mchinji.

Yankho: Bambo, wakubayo ndi milamba ikuluikuluyo. Milamba imadyana. Tiana sitikula mofanana, ndipo kamene katsogola kamameza tinzake, makamaka chakudya chikachedwa. Miyezi iwiri yoyamba muzisankha sabata ziwiri zilizonse, totsogola tikhale patokha. Gulani tiana tofanana msinkhu, ta magalamu 10 kupita m'mwamba, ndipo tidye katatu kapena kanayi pa tsiku.

Musanaikemo tatsopano, phwetsani damu liume mpaka dothi ling'ambike, chifukwa mlamba umodzi wobisala m'matope ungathe kumaliza mbewu yonse. Tchingani damu ndi ukonde pamwamba poletsa mbalame, ndipo m'mbali muike mpanda, poti usiku wamvula mlamba umatuluka n'kukwawa pamtunda.