Bwana wanu akuti ndinu aang'ono? Muwauze za M.E.Doc

Mayi wina woyang'anira makompyuta pa bungwe laling'ono wanditumizira imelo. Akufunsa ngati ma hacker (othyola makompyuta) olipidwa ndi maboma angatayedi nthawi pa iwo, poti bwana wawo akuti, "Ndife aang'ono, atibera chiyani?"

Mayi, funso lanu landitsegula chilonda. Pa kampani ina yomwe ndinkagwirako ntchito, mkulu wa zachuma ankakana kuti tizimitse seva ngakhale kwa kanthawi kuti tiike ma update (zokonza zatsopano zotseka mabowo mu mapulogalamu), ati ntchito iima. Koma kutabwera wogulitsa zida wa tayi yofiira, n'kuonetsa zithunzi za chigaza pa sikirini, ndalama zinapezeka tsiku lomwelo. Tinagula bokosi lodula la firewall (chida chotchinga olowa mu netiweki mwakuba), lothwanima timagetsi tobiriwira, ndipo alendo ankatengedwa kukaliona. Pasiwedi ya mkuluyo inali pa kapepala kachikasu pansi pa kiyibodi, moti aliyense wopukuta tebulo ankaiwerenga. Ndikadandaula ankati ndine wamantha. Pa msonkhano wina anandifunsa pamaso pa onse ngati ndikuganiza kuti akazitape a dziko lina amadziwa n'komwe dzina la kampani yathu. Anthu anaseka, ine n'kungomeza malovu.

Safunika kudziwa dzina lanu. Mu 2017 gulu la Sandworm, la akazitape a asilikali a Russia, silinayambire kwa kampani yaikulu ya Maersk. Linalowa mu kampani ya ku Ukraine yopanga pulogalamu ya misonkho yotchedwa M.E.Doc, n'kubisa vairasi yowononga makompyuta ya NotPetya mu update yake. Makasitomala anaiika okha ndi manja awo. Maersk, yonyamula katundu panyanja padziko lonse, inataya pafupifupi madola 300 miliyoni, ndipo inachita kukonzanso makompyuta 45,000 ndi maseva 4,000. Chinawapulumutsa ndi seva imodzi ya ku Ghana yomwe inali itazima chifukwa magetsi anathima. Mwayi chabe! Mu 2020 njira yomweyo inagwira kampani ya mapulogalamu ya ku America ya SolarWinds, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000 analandira update yoipitsidwa ya pulogalamu yake ya Orion.

Ndiye ngati bungwe lanu limatumizirana maimelo ndi banki, unduna kapena opereka thandizo, ndinu khomo lakuseri lolowera kwa iwowo. Kuchepa kwanuko ndi komwe kumawakopa, chifukwa amadziwa kuti palibe amene akulondera usiku.

Ndipo zoti magulu amenewa ndi amatsenga ine ndimakana kwamtuwagalu. Ogulitsa zida ndiwo amakonda nthano imeneyi. Vairasi ya WannaCry, yomwe America ndi Britain anati ndi ya North Korea, inasokoneza zipatala za ku Britain mu May 2017, chonsecho Microsoft inali itatseka kale bowo lomwe vairasiyo inkalowera mu March. Anthu sanangoika update basi. John Podesta, wotsogolera kampeni ya Hillary Clinton mu 2016, akazitape a Russia anamukola ndi imelo yabodza yomuuza kuti asinthe pasiwedi. Boma lonse la Russia, chida chake kaimelo kamodzi. Inde, zilipo zida zoopsa zenizeni monga Stuxnet yomwe inawononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, koma amene akufunani mpaka pamenepo simungamuletse ndi bajeti yanu, musadwale nazo mutu.

Nanga muchite chiyani?

Ikani ma update sabata yomweyo, kuyambira pa VPN (njira yolowera mu netiweki ya ku ofesi muli kutali) ndi firewall, poti ndizo zimayang'ana kunja. Imelo ya aliyense ikhale ndi chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi, makamaka ya bwanayo. Backup (kope losungira deta yanu) imodzi ikhale yosalumikizidwa ku netiweki, ndipo muyese kuibwezeretsa zinthu zisanavute. Akaunti za omwe anachoka ntchito zitsekeni lero.

Bwanayo akakana, mulembereni imelo yofotokoza zomwe mwapempha ndi tsiku lake, n'kusunga kope. Zikadzavuta, woyamba kulozedwa chala mudzakhala inuyo.